Windy pafoni m'dzinja la Lusaka: pomwe imathandiza ndi pomwe muyenera kuyang'ana kumwamba nokha

Anthu ena mu Lusaka amene ntchito yawo imawonongeka ndi mvula ali ndi Windy, pulogalamu yoonetsa nyengo, pafoni masiku ano: akapitawo a zomangamanga, obwereketsa matenti a maukwati, alimi a tomato a ku Lusaka West ndi ku Chongwe, ngakhalenso aphunzitsi a mpira. Onsewa funso lawo n'limodzi: lero kugwa kapena ayi, nanga nthawi yanji? Mbali yoyamba ya funsoli Windy imayankha bwino. Mbali yachiwiri imayankha molimba mtima kuposa mmene ikudziwira. Posankha tsiku logwirira ntchito, mwa zaulere zonse ndi imodzi mwa zabwino kwambiri. Pofuna kuona mtambo womwe wayamba kale kukula makilomita 50 kuchokera pomwe muli, chithunzi chake cha setilaiti n'chothandiza zedi. Koma ikakuuzani kuti ku Kabwata kugwa mamilimita 4 nthawi ya 14:00, musakonze ntchito yanu potsamira nambala imeneyo.

Musasokoneze potsitsa. Mu Play Store muli mapulogalamu awiri a dzina lofanana. Yomwe tikunena pano ndi Windy.com, ya chizindikiro chofiira, imene anayambitsa Ivo Lukačovič wa ku Czech Republic mu 2014. Ina ija ya buluu, Windy.app, ndi ya kampani ina. Yofiirayi ilibe zotsatsa malonda zodumphira pamaso ndipo simufunika kulembetsa dzina kuti muyambe. Chichewa mulibe. Mukangoitsegula onani muyeso wa mphepo, chifukwa kawirikawiri imabwera ili mu kt, muyeso wa oyendetsa ndege ndi zombo. 1 kt ndi makilomita 1.85 pa ola. Munthu amaona 30 n'kumati n'kamphepo chabe, chonsecho ndi mphepo ya makilomita 55 pa ola, yomwe tenti yokhomedwa mwaulesi siingapirire. Dinani pa mzere wa mitundu uli m'munsi mwa mapu mpaka pawoneke km/h.

Windy payokha silosera nyengo. Imatenga zomwe makompyuta akuluakulu a mabungwe ena awerengetsa n'kuzijambula bwino pamapu. M'munsi mwa sikirini mupeza mayina awa: ECMWF ya bungwe la mayiko a ku Ulaya lomwe likulu lake lili ku Reading, GFS ya ku America, ndi ICON ya ku Germany. Iliyonse imagawa dziko lapansi m'mabokosi n'kupereka yankho limodzi pa bokosi lililonse. Bokosi la ECMWF ndi la makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, la ICON 13, la GFS pa Windy 22. Apa m'pamene pagona nkhani. Mtambo umodzi wa mabingu nthawi zambiri umakhala makilomita 5 mpaka 15 m'lifupi, ndipo umakhala ndi moyo mphindi 30 mpaka ola limodzi. Kompyuta siutha kuuona bwino mtambo wochepa chonchi. Imangowerengetsa kuti mpweya wa m'bokosi ili wafika poti n'kubala mvula, kenako n'kuimwaza mvulayo mofanana bokosi lonse. Mamilimita 4 aja ndi avareji ya malo a masikweya kilomita 81. Zenizeni zake zingakhale mamilimita 30 pakona imodzi ya bokosilo, kwinako osagwa n'dontho lomwe. Bokosi la GFS ndiye lingathe kumeza Matero, Kabwata ndi Chilenje nthawi imodzi, pomwe aliyense wa mu Lusaka amadziwa kuti ungakwere basi ku Kulima Tower utanyowa mpaka m'nsapato, ukatsike ku Chilenje n'kupeza amayi akuanula zovala zouma bwinobwino.

Kusiyana kwa 4 ndi 30 sikochepa. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita iliyonse. Denga la masikweya mita 100 likalandira mamilimita 30 limakhetsa malita 3,000, madiramu 15 a malita 200, mwinanso m'mphindi 40 zokha.

Nthawi nayo imaphonya. Makompyuta amenewa ali ndi chizolowezi chodziwika m'mayiko otentha: amakonda kuyambitsa mvula msanga, yochepa koma yofalikira paliponse, pomwe mabingu enieni amaphulika dzuwa litapendeka mpaka madzulo, ena n'kubwera usiku kuchokera kutali. Mukaona timadontho ta buluu tsiku lililonse la sabata mu Disembala, ndiye kuti mpweya ndi wonyowa sabata yonseyo. Sizikutanthauza kuti panyumba panu pagwa masiku 7 onse.

Nanga imagwiritsidwa ntchito bwanji kuti ipindule? Madzulo a tsiku loti mawa muli ndi ntchito, dinani pa Lusaka n'kusankha Compare. ECMWF, GFS ndi ICON zidzandandalikana pamodzi. Zonse zikagwirizana kuti kuli mvula yambiri, khulupirirani. Zikagwirizana kuti kuli gwaa, khulupiriraninso, makamaka pa masiku awiri kapena atatu akubwerawa. Zikamatsutsana, ndiye tsiku la mabingu a apa ndi apo, loti muweruze nokha m'mawa. Kenako tsegulani CAPE index. Nambala imeneyi, yomwe imayezedwa mu J/kg, imanena mphamvu yomwe mpweya wofunda ungakwere nayo ukangoyamba kukwera. Ikakhala pansi pa 500, mitambo sikula kwenikweni. Kuyambira 1,000 mpaka 2,500 mabingu amphamvu ndi otheka. Kupitirira apo, mtambo womwe ungabadwe ungabwere ndi matalala ndi mphepo yosasula madenga. Koma CAPE yokwera siilonjeza mvula. Pali masiku imakhala pamwamba kumwamba kuli mbee mpaka dzuwa kulowa, chifukwa palibe chomwe chakankha mpweyawo kuti uyambe kukwera. Kwa wothira konkire ya slab, nzeru yake n'njachidule: CAPE ikapitirira 1,000, yambani 06:00, malizani isanakwane 11:00, ndipo pulasitiki yakuda yokwanira slab yonse ikhale pomwepo ndi mabuloko oitsinira. Mvula yamphamvu ikamenya konkire m'maola awiri kapena anayi oyambirira imakokolola simenti ya pamwamba, miyala n'kutsala poyera, pamwamba pake n'kumafumbutuka mpaka kalekale.

Setilaiti, radar ndi lipoti la pabwalo la ndege

Chomwe chimachititsa kuti Windy isachotsedwe mufoni ndi Satellite. Apa sipali zolosera. Ndi chithunzi cha mitambo yomwe ilipo, chochokera ku masetilaiti a Meteosat a bungwe la EUMETSAT, omwe amajambula mphindi 10 mpaka 15 zilizonse. Sankhani INFRA+. Imayeza kuzizira kwa pamwamba pa mtambo, ndipo mtambo ukatalika kwambiri pamwamba pake pamazizira kwambiri, mtundu n'kumasintha kuchoka ku buluu kupita ku wachikasu ndi wofiira. Chithunzi chimodzi sichikuuzani kanthu. Yendetsani za maola awiri apitawa kuti muone komwe mtambo ukulowera komanso ngati kofiirako kakukula kapena kakuzilala. Masamu ake ndi osavuta. Kabwe ili pa makilomita pafupifupi 110 kumpoto, poyeza molunjika osati pamsewu. Ngati mtambo unali pa Kabwe maola awiri apitawa ndipo tsopano wadya theka la mtundawo, ukuyenda makilomita pafupifupi 28 pa ola, mwatsala ndi maola awiri. Kafue kummwera ndi Chongwe kum'mawa zili pa makilomita pafupifupi 45. Chofiira chikafika pamenepo chikulunjika kuno, pa liwiro lomwelo kwatsala pafupifupi ola limodzi ndi theka.

Zoperewera zake zilipo zitatu zofunika kuzidziwa. Chithunzi chimafika mochedwa, mwina ndi mphindi 15 kapena kuposerapo, pomwe mtambo umatha kuchoka pa wamba kufika pa wamabingu m'mphindi 20 kapena 30. Setilaiti imatiyang'ana chammbali, choncho mtambo wautali umaoneka utasunthira pambali, mpaka makilomita 10 kuchoka pomwe uli. Ndipo chimtambo chachikulu chomwe chaphimba chigawo chonse pachithunzi, mbali yake yaikulu ndi denga lopyapyala la pamwamba. Mvula yeniyeni ili pansi pa kachigawo kozizira kwambiri kokha. Mtambo wobadwira pamwamba pa Lusaka penipeni, setilaiti imadzauonetsa inu mutanyowa kale.

Radar musaiwerengere. Ku Ulaya ndi ku America ndiyo imaonetsa mvula msewu ndi msewu, koma madera ambiri a mu Africa alibe radar yotumiza zithunzi ku Windy. Timadontho toonetsa mphezi nato tisakupusitseni: masiteshoni omva mphezi ndi ochepa kuno poyerekeza ndi ku Ulaya. Tikaoneka ndiye kuti mphezi ilipodi, koma kusaoneka kwake si umboni woti kulibe.

Chinthu chomwe ambiri sachidziwa ndi lipoti la pabwalo la ndege. Pofufuzira lembani FLKK, dzina la Kenneth Kaunda International Airport kwa oyendetsa ndege, ndipo mudzaona METAR, lipoti la zomwe zikuchitika pabwalopo. TCU ndi mitambo yomwe yayamba kutalika, CB ndi mtambo wa mabingu, TS ndi mabingu, TSRA mabingu ndi mvula, VCTS mabingu chapafupi. G pakati pa manambala a mphepo akusonyeza mphepo yowomba mwadzidzidzi. Manambala ngati 28/17 ndi kutentha ndi dew point, kuzizira komwe chinyezi cha mumpweya chimayambira kusanduka madontho. Nthawi yake imalembedwa ndi Z kumapeto, ndipo muziwonjezera maola awiri: 1200Z ndi 14:00 ya kuno. Kumbukirani kuti bwaloli lili kumpoto chakum'mawa, makilomita opitirira 20 kuchokera m'tauni, ndiye limanena za Chelston ndi Chongwe kuposa za Makeni.

Zomwe pulogalamuyi siingakuonereni

Gawo la Clouds limangogawa mitambo patatu, yapansi, yapakati ndi yam'mwamba, n'kunena kuchuluka kwake. Silikuuzani mtundu wa mtambo, chonsecho mtunduwo ndiwo umanena zomwe zichitike m'ola likubwerali. Apa Windy yaperewera, ndipo mpata umenewu muyenera kuutseka ndi maso anu. Mayina a mitambo anayambira kwa Luke Howard wa ku London mu 1802, ndipo World Meteorological Organization, bungwe la zanyengo la dziko lonse lapansi, imawerenga mitundu ikuluikulu 10. Wa mu Lusaka m'dzinja safunika yonseyo.

Yambani m'mawa, cha m'ma 07:00 mpaka 09:00. Mukaona timitambo tam'mwamba ndithu, tandandalikana mumzere, pansi pake pofanana koma pamwamba pali tinsongansonga totumphuka, imeneyo ndi altocumulus castellanus. Ikusonyeza kuti mpweya wapakati uli kale wosakhazikika dzuwa lisanatenthe n'komwe. Tsiku lotere, CAPE ikakhalanso yokwera, mabingu a masana ndi oyembekezeka.

Cha m'ma 09:00 kapena 10:00 kumabadwa cumulus, mitambo yoyera ya pansi pathyathyathya. Muyeso wake ndi umodzi: yerekezani kutalika ndi kufalikira. Ukakhala wotambalala kuposa kutalika, palibe vuto. Ukafika 11:00 utatalika kuposa mulifupi mwake, mutu wake uli wolimba, wa mabwampu owoneka bwino ngati kolifulawa, wasanduka cumulus congestus, TCU ya mu METAR ija. Sankhani umodzi muuyang'ane mphindi zisanu. Mutu ukamapendekeka n'kumasungunuka, mpweya wouma wa m'mwamba ukuugonjetsa. Koma mutu wina ukamatumphukira pamalo omwewo n'kupitirira woyamba uja, ndiye kuti woyambayo wanyowetsa njira, ndipo wachitatu kapena wachinayi adzaboola.

Chizindikiro chofunika koposa zonse n'ichi: mutu wolimba uja ukayamba kufewa, m'mphepete mwake n'kukhala ngati mwafufutika kapena mwatuluka timizere, ndiye kuti madontho a pamwamba asanduka ayezi. Mtambowo tsopano ndi cumulonimbus. Magetsi a mphezi amapangika pomwe timatalala tofewa tikugundana ndi tizidutswa ta ayezi, pamalo ozizira madigiri 10 mpaka 25 pansi pa ziro, choncho mutu ukangofewa mphezi yoyamba ili pafupi, ngakhale bingu musanalimve. Kenako mutuwo umafika makilomita 15 kapena kuposerapo m'mwamba, n'kulephera kukweranso, n'kuyamba kutambalala chathyathyathya kulowera mbali imodzi. Denga limeneli limaloza komwe mphepo ya m'mwamba kwambiri ikupita, komwe nthawi zina sikomwe mvula ikupita. Likakuphimbani pamutu, ngakhale dzuwa likuwala chammbali, mphezi ingathe kukufikirani.

Kuti mudziwe ngati ukubwera kwanu, imani pamalo amodzi, muulinganize mtambowo ndi pholo la magetsi kapena thanki ya madzi ya aneba. Pakatha mphindi zisanu onaninso. Ngati wasunthira kumanja kapena kumanzere, ukudutsa. Ngati wakula mbali zonse ziwiri osasuntha, ukubwera. Mphepo ya pansi isakunamizeni. Anthu amati mphepo ikuwombera komwe kuli mvula ndiye iikankhira kutali, pomwe mphepo yofunda imeneyo ndi imene mtambo ukuyamwa kuti ukule. Mphepoyo ikaleka, kunja n'kuti zii, kenako n'kubwera ina yozizira yafumbi ndi mapepala kuchokera ku mtambowo, kwatsala mphindi zochepa. Nthawi zina kutsogolo kwa mvula kumakhala mtambo wautali chopingasa, wotsika, wakuda bii, wooneka ngati ukugudubuzika. Umenewo ndi arcus, ndipo kumbuyo kwake kuli mphepo yamphamvu kwambiri ya mvula yonseyo. Tenti imagwa nthawi imeneyi, madontho asanayambe n'komwe.

Mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, nthawi ya chizimalupsa, ngozi imasintha nkhope. Pansi pa mtambo pamakhala patali. Mungayerekeze kutalikako ndi manambala a mu METAR: chotsani dew point pa kutentha, muchulukitse ndi mamita 125. Mu Januwale 28/17 imapereka mamita pafupifupi 1,400. Tsiku lotentha la Okutobala, titi 33/8, imapereka mamita opitirira 3,000. Mvula yochoka patali chonchi imauma isanafike pansi, ndipo mudzaona mizere yotuwa ikulendewera pansi pa mtambo n'kuthera m'malere. Dzina lake ndi virga. Madontho akamauma amaziziritsa mpweya, mpweyawo n'kulemera, n'kugwa mwamphamvu, ukamenya pansi n'kumwazikira mbali zonse. Madenga ambiri a masukulu ndi matchalitchi amasasuka ndi mphepo yotereyi, pa tsiku lomwe mvula yake siinadzaze n'ndowa yomwe. Gawo la Wind gusts la Windy silionetsa mphepo imeneyi, chifukwa imagwa pamalo a makilomita ochepa kwa mphindi zochepa.

Pali mtambo wina woopsa maonekedwe chabe: zotupatupa zolendewera pansi pa denga la cumulonimbus, makamaka dzuwa likamalowa. Ndi mammatus. Imasonyeza kuti pafupi pali mtambo wamphamvu, koma nthawi zambiri imaoneka mvula itadutsa kale. Ndiye pali mvumbi wa Januwale ndi Febuluwale, pomwe mpweya wonyowa wochokera ku Congo wakhazikika pa dziko lino: kumwamba kotuwa kopanda mutu kapena malire, nimbostratus, mvula yosakata tsiku lonse. Mphezi imakhala yochepa koma nthaka imakhuta. Mvula ya mtundu uwu ndi yaikulu kuposa mabokosi aja, ndipo apa ECMWF imachita bwino, nthawi zina masiku atatu isanafike.

Mvula ikafika

Pa mphezi palibe pulogalamu yoposa khutu. Phokoso limayenda kilomita imodzi m'masekondi atatu. Mukaona ching'aning'ani werengani mpaka bingu ligunde, mugawe ndi 3. Masekondi 30 ndi makilomita 10, ndipo pamtunda umenewo muyenera kukhala mutalowa kale m'nyumba, chifukwa mphezi imatha kugwa makilomita 15 kuchoka pomwe mvula ikugwa. Bingu lomaliza likamveka dikirani mphindi 30. Lamulo lachiwirili ndi lomwe limathyoledwa kwambiri pa mabwalo a mpira a m'makomboni: mvula ikangokata anyamata abwerera kale m'bwalo, denga la mtambo likadali pamutu pawo.

Ambiri ovulala sawombedwa mwachindunji. Mphezi imamenya mtengo, magetsi n'kudumphira kwa munthu amene wausa pansi pake, kapena kuyenda m'nthaka n'kulowera mwendo wina kutulukira wina. N'chifukwa chake mphezi imodzi imagwetsa gulu lonse la anthu kapena ng'ombe. Mtengo wa mango, kashedi ka pasiteji ya basi, khonde, tenti, zonsezi zimateteza kunyowa basi. Malo abwino ndi nyumba yomangidwa bwino yokhala ndi mawaya ndi mapaipi otsikira m'nthaka, kapena minibasi ndi galimoto ya denga lachitsulo mawindo atatsekedwa. Chimateteza ndi chitsulo chozungulira, osati matayala, ndiye kumbuyo kwa Canter kulibe chitetezo. M'nyumba ya malata yopanda mawaya khalani pakati, kutali ndi khomo ndi zipupa, musagone pansi. Musasambe kapena kutsuka mbale pampopi, ndipo foni isakhale pachaja. Kuphimba galasi kapena kuvula chovala chofiira sikusintha kanthu. TV, decoder, inverter ndi pampu ya borehole zimapsa ndi magetsi obwera kudzera m'mawaya mphezi ikagwa chapafupi. Zulani mapulagi ndi chingwe cha dish pomwe mwaona mutu wa mtambo ukufewa, osati bingu lili pamutu.

Munthu wowombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni msanga, musadikire wina aliyense. Ngati agwa angapo, yambani ndi amene ali chete, osati amene akulira. Ngati sakupuma, dinikizani pakati pa chifuwa mozama masentimita 5, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Mukadinikiza ka 30 mupumireni m'kamwa kawiri, wina akuthamangira galimoto. Ambiri amapulumuka akathandizidwa msanga, koma ngakhale wodzuka yekha apite kuchipatala akamuyeze mtima.

Madzi ndiye vuto la Lusaka lenileni. Mzindawu uli pamalo athyathyathya, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja, ndipo kummwera ndi kumadzulo kwake pansi pali mwala wa laimu, madzi a m'nthaka ali pafupi. Kanyama, Misisi, John Laing ndi mbali zina za Chawama zimasefukira chifukwa madzi alibe kolowera ndiponso alibe kotsetserekera. Ngalande ya Bombay, yomangidwa ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation, bungwe la boma la America, inathandiza mbali zina, koma ngalande yodzaza mabotolo ndi mapulasitiki ndi chimodzimodzi kulibe. Windy ili ndi gawo la Rain accumulation loonetsa mvula yonse ya masiku atatu kapena asanu, ndipo kwa wokhala m'madera amenewa ndi lofunika kuposa la tsiku limodzi: mamilimita 30 pa nthaka youma ndi ena, pa nthaka yokhuta ndi ena. Madzi othamanga ofika masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Mu Lumumba Road ndi ku Kamwala madzi akaphimba msewu amaphimbanso ngalande zosavundikira, ndipo m'makomboni amabisa maenje okumbamo miyala, momwe ana amamira. Mpanda wa mabuloko wopanda timabowo totulutsira madzi pansi pake umadzadza mbali imodzi n'kugwa, choncho musause mvula potsamira mpanda. Waya wa magetsi wogwera m'madzi muziuyesa wamoyo. Madzi akaphwa nkhani siinathe, chifukwa zimbudzi zokumba zimakhala zasakanikirana ndi zitsime zosaya. Kolera yomwe inayamba mu Okutobala 2023 inafika poti National Heroes Stadium inasanduka chipatala mu Januwale 2024. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini sabata zonse zotsatira kusefukira.

Pa denga, mphepo imayambira m'mphepete ndi pamakona, n'kuzula misomali kapena kunyamula malata pamodzi ndi matabwa ake. Mabuloko ndi matayala osanjika pamwamba sathandiza kwenikweni, ndipo akauluka amavulaza. Chothandiza ndi kumanga matabwa ku chipupa ndi waya wokhuthala kapena hoop iron, chitsulo chopyapyala chonga lamba, yolowa m'mizere ingapo ya mabuloko, ndi kukhoma pafupipafupi mzere wa m'mphepete. Ntchito imeneyi ndi ya mu Seputembala.

Windy siilowa m'malo mwa Zambia Meteorological Department, nthambi ya boma yoona za nyengo. Chenjezo lovomerezeka la mvula yamphamvu limachokera kumeneko, pa wailesi, pa ZNBC ndi pa Facebook, ndipo akatswiri ake ali ndi zoyezera za pansi pano komanso amaidziwa nyengo ya dziko lino. Kumayambiriro kwa 2024 anagwira ntchito ndi akatswiri a ku South Africa, Mozambique ndi Britain pa ntchito ya WISER EWSA, yoyesa kuchenjeza anthu a ku Kanyama maola ochepa mvula isanafike. Machenjezo awo a tsiku ndi tsiku amanena za chigawo kapena boma lonse. Setilaiti ya Windy imakuthandizani kuona ngati mbali yanu ya chigawocho ndi yomwe ili panjira.

Za Premium, Windy yolipira: imapereka zolosera za ola lililonse m'malo mwa maola atatu, ndipo imasintha manambala kangapo patsiku. Kwa woyendetsa ndege zazing'ono kapena mlimi wamkulu wopopera mankhwala zingakhale zoyenera ndalama zake. Kwa ena tonsefe, kugawa ola ndi ola mvula yomwe kompyuta siikudziwa kuti igwera pati n'kungowonjezera manambala. Yaulereyo yakwana. Chomwe chimadya ndalama ndi bandulo, chifukwa zithunzi za setilaiti zoyenda ndi zolemera, ndipo pa foni yakale timizere ta mphepo toyendayenda timatha batire. Tizimitseni mu Settings, musendeze mapu kuti aonetse kuyambira Kabwe mpaka Mazabuka basi, ndipo setilaiti muzitsegula pa nthawi zoikika, monga 11:00, 13:00 ndi 15:00, osati kuisiya ikuyenda.

Onjezani ulendo wina cha m'ma 20:00. Usiku mutu wa mtambo suoneka, koma INFRA+ imagwira ntchito mumdima chimodzimodzi, ndipo mitambo ikuluikulu yomwe imabadwa madzulo kutali imatha kuyenda maola ambiri n'kufika kuno pakati pa usiku. Ziphaliwali zopanda bingu zomwe zimaoneka chakutali ndi mphezi yeniyeni, kungoti bingu silimveka kupitirira makilomita 15 mpaka 25. Mukaziona, tsegulani setilaiti muone ngati chofiiracho chikulunjika kuno. Ngati chikubwera, zulani mapulagi, chotsani galimoto pansi pa mtengo, ndipo ngati mumakhala kumadzi, kwezani ufa, makala ndi mabuku a ana pamwamba musanagone.